Kaambulansi ka Mipando Yofiira

1

Bambo anga sanabepo, sanamenyepo munthu, ndipo kwa zaka makumi atatu palibe anawagwirapo bodza. Dzina limenelo ndinaliwononga ine, mwana wawo wobereka, Loweruka lina masana, ndi kachitsulo kowotcherera mafoni kamene ndimadyerapo. Ndifotokoza zonse, ngakhale zina ndizichedwetsa chifukwa ndikuchita nazo manyazi.

Ine ndine mtsikana wokonza mafoni. Palibe anandiphunzitsa. Ndinayamba ndi kumasula foni ya achemwali anga ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndinalandira mbama, mawa lake n'kumasulanso ina. Bambo anali kalaliki mpaka kupuma, koma ntchito ya pamtima pawo inali m'kabati ya magalasi pabalaza. Mmenemo munali tigalimoto ta chitsulo, kalikonse kotalika ngati chala, toposa mazana anayi. Musayerekeze kutitchula zidole pamaso pawo.

Anthu osonkhanitsa tigalimototi ali ndi chilankhulo chawochawo, ndipo ine ndinachiphunzira pomvetsera kuseri kwa chitseko. Kamene sikanatulutsidwepo m'kapulasitiki kake amati ka m'thuza, chifukwa kapulasitikiko kamatukuka ngati thuza la moto. Kotulutsidwa amati kovula. Kamene ana anaseweretsa mpaka penti kusupuka amati kotopa, ndipo wina akakapentanso amati kodzola, mawu amene bambo ankawatchula ngati akulavula. Pamwamba pa tonse pali kolakwika, kamene kanatuluka m'fakitale ndi vuto, mwina matayala osiyana, mwina mipando ya galimoto ina. Munthu angasake mpaka imvi osakapeza.

Ndiye pali mchombo. Mukatembenuza kagalimoto, pansi pake pali timisomali tiwiri timene timagwira thupi ndi chapansi. Makina amatiphwatalala mozungulira n'kumaoneka ngati mchombo wa mwana. Wofuna kusintha zam'kati ayenera kuboola michomboyo, kenako n'kuipanganso kuti asagwidwe. Kagalimoto kotere amati kophika, ndipo mwini ntchitoyo amati wophika. Ku kalabu kulibe chitukwano choposa chimenechi.

Bambo anali Woyesa wa kalabu. Aliyense akapeza kachilendo ankabwera nako kwa iwo. Ankakatembenuza, n'kuyendetsa chikhadabo pa mchombo, ndipo akati n'kenikeni, ankasaina khadi. Khadi la bambo linali ngati chitupa chobadwira. Lamulo la ophika analemba ndi iwo omwe: wophika asakidwe mpaka apezeke, aphwanye yekha kagalimotoko ndi nyundo pamaso pa anthu, dzina lake lilembedwe pa bolodi, ndipo asadzapondenso pakhomo pa kalabu.

2

Mavuto anayamba pamene alamu anga anakwatira achemwali, n'kukwatiranso kabati ya bambo.

Alamu amagulitsa inshuwalansi, ndipo pakamwa pawo sipauma. Anadzipatsa okha dzina loti Mlenje. Atangotha miyezi itatu akugwedeza mutu pa chilichonse chimene bambo anena, analandiridwa m'kalabu. Ine ndinali nditapempha kanayi.

Lamulungu lina ndinabwera ndi kalole kokokera magalimoto owonongeka. Ndinakatola kotopa, kopanda penti, ndipo ndinakakonza kwa masabata atatu ndi burashi ya tsitsi zitatu. Ndinakaika pa tebulo bambo ndi alamu akumwa tiyi.

Bambo sanakanyamule n'komwe.

"Kodzola," anatero.

"Ndikudziwa kuti n'kodzola, bambo. Sindikubisa. Ndimati muone ntchitoyo."

"Alamu a mafoni," anatero Mlenje akuseka, "mwakapaka bwino ndithu. Mukadzakwatiwa, ana anu adzasangalala."

Ndinatembenukira kwa bambo.

"Bambo, bwanji awa munawalola m'kalabu, ine mukundikana?"

"Kalabu imafuna munthu wodziwa kudikira. Iwe ukamawiritsa madzi umavundukula poto katatu."

"Awa sadziwa kusiyanitsa mchombo ndi batani la malaya!"

"Pepesa."

"Sindipepesa. Inu mumakondera. Awa atabwera ndi chitini cha mkaka chomata matayala, mungasaine khadi muli kumwetulira."

Amayi anaima pakhomo la khitchini ndi sefa m'manja. Achemwali anati, "Iwe, ukulankhula ndi ndani?" Bambo anaika kapu pansi pang'onopang'ono kwambiri, moti sinalire n'komwe pa mbale.

"Unenenso," anatero.

Sindinanenenso. Ndinatenga kalole kanga n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Koma mawu aja sanandichoke. Ndinayenda nawo, ndinagona nawo, ndipo patapita masiku ndinasiya kuwaona ngati mawu a mkwiyo. Ndinayamba kuwaona ngati nkhani yofunika umboni.

3

Panapita miyezi iwiri. Lachiwiri lina chakumadzulo alamu analowa osagogoda, thukuta lili chuchuchu, tayi ili paphewa.

"Bambo! Khalani pansi kaye, mungagwe."

Anatulutsa mpango m'thumba n'kuufunyulula pa tebulo. Munali kaambulansi koyera, kovula, kotopa pang'ono m'mphepete. Koma kudzera m'timawindo, mipando inkaoneka yofiira.

Ndikufotokozereni. Tiambulansi ta mtundu umenewo tonse tili ndi mipando yoyera. Koma kunkamveka mphekesera yoti tsiku lina ku fakitale mipando yoyera inatha, wina n'kuikamo yofiira ya m'titakisi, ndipo tinatuluka tochepa vutolo lisanadziwike. Palibe wa m'kalabu anali atakaonapo ndi maso. Bambo anayamba kukasaka ine ndisanabadwe.

"Mwakapeza kuti?" anafunsa bambo.

"Kwa mayi wa zidole uja, kumsika wa zinthu zakale. Pansi penipeni pa mulu, pafupi ndi chidole chopanda mutu. Diso, bambo, diso!"

Bambo anapukuta manja, n'kupita nako pawindo. Anatenga kagalasi kawo kokuzira zinthu, anasuzumira mipando, kenako anakatembenuza. Chikhadabo chinayenda pa mchombo woyamba.

Masiku onse kuyesa kunkatha munthu asanameze malovu kawiri. Tsiku limenelo chikhadabo chinaima. Chinabwerera, chinayendanso, chinaimanso. Tiyi anazizira m'makapu. Kenako bambo anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita: anakayandikitsa kumphuno, n'kukanunkhiza.

Ine ndinali nditatsamira pakhomo, ngati munthu wongodutsa. Anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi. Sanandiyang'ane kumaso. Anandiyang'ana m'manja.

"Bwanji, bambo?" anafunsa alamu, mawu atayamba kuchepa.

Wotchi ya pakhoma inkamveka ngati munthu akukhoma msomali.

"N'kenikeni," anatero bambo.

Alamu anakuwa, ananyamula achemwali m'mwamba, amayi analulutira. Bambo anatsegula dirowa, anatenga khadi, anasaina.

Ndinatuluka panja kuti anthu asaone nkhope yanga. Kaambulansi kaja kanali kophika, ndipo ine ndinkadziwa. Musandifunse kaye kuti ndinadziwa bwanji. Chimene chinadzaza mutu wanga chinali chimodzi: ndinanena, ndipo zachitikadi. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu osanama wasaina bodza chifukwa labwera m'manja mwa mkamwini.

Loweruka lotsatira linali tsiku la chionetsero, tsiku limodzi pachaka limene kalabu imalola achibale kulowa. Ndinayamba kuwerenga masiku.

4

Benchi yanga ili m'khonde la shopu ya nsalu, pakati pa wosoka nsapato ndi wodula makiyi. Chiyambireni ntchitoyo bambo anali asanapondepo. Lachisanu m'mawa nditadzutsa mutu, ndinaona ataima patsogolo panga, avala jekete ngati akupita kumaliro.

"Foni yanga ikuvuta," anatero.

Ndinaiyatsa, ndinaimba, ndinayesa chilichonse. Inalibe vuto. Pamene ndinkachita zimenezi, iwo ankayang'ana zipangizo zanga chimodzichimodzi: kawaya kosungunula, kabotolo ka utomoni wowotcherera, timisomali toboolera tochepa ngati singano.

"Foniyi ili bwino, bambo."

"Mawa usabwere ku chionetsero."

"Bwanji?"

"Ndakupempha."

"Mukuopa kuti ndikakuchititsani manyazi pamaso pa mkamwini wanu?"

Anasuntha pafupi, n'kutsitsa mawu kuti wosoka nsapato asamve.

"Ndagwirizana ndi alamu ako kuti chionetsero chikatha, kaambulansi kaja ndikasunge ine m'kabati. Kakalowa mmenemo sikadzatulukanso, palibe adzakagwirenso. Nkhani idzathera pomwepo. Wandimva?"

"Zikundikhudza bwanji ine?"

"Mwanawe, pali zinthu zimene munthu amachita atakwiya. Zimenezo zimafuna wina azikwirire msanga, zisanayambe kununkha."

Lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimadabwa kuti makutu anga anali kuti. Koma mkwiyo umasankha zoti umve. Ine ndinangomva kuti ngakhale tsiku limene galu wa mnansi angaloledwe kulowa, ine ndikuuzidwa kuti ndikhale kunyumba.

"Ndamva, bambo," ndinatero, n'kuwabwezera foni.

Anaima pang'ono ngati ali ndi zina, kenako anachoka. Wosoka nsapato anachotsa ulusi pakamwa n'kuwaperekeza ndi maso.

"Aise, madalawa akudwala? Akuyenda ngati asenza thumba la simenti."

Ndinatenga kachitsulo kanga kowotcherera, kaja koyendera batire, n'kukalumikiza kumagetsi kuti kadzaze.

5

Kalabu imakumana m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala. Masitepe ake ndi opapatiza, ndipo fungo la mphira limakwera nawe mpaka kumtunda. Tsikulo matebulo anayalidwa nsalu zobiriwira, tigalimoto tili ndandanda, ta m'thuza mbali ino, tovula mbali inayo. Munali anthu pafupifupi makumi anayi. Pakhoma lakumapeto panali bolodi la ophika, lokhala ndi maina awiri ofufutika, ndipo pansi pake nyundo inali lende pa msomali.

Bambo atandiona ndikulowa anatseka maso kwa kanthawi.

Wapampando wa kalabu ndi dokotala wa mano wopuma ntchito, ndipo onse amangoti Adokotala. Analankhula nthawi yaitali, kenako anavundukula kabokosi ka galasi pakati pa chipinda. Anthu anaunjikana. Bambo wina wachikulire anavula chipewa.

Alamu anapatsidwa mpata. "Ena amati ndi mwayi," anatero, dzanja lili pachifuwa. "Ine ndimati ndi diso, komanso kuphunzitsidwa ndi munthu woyenera."

Anthu anawomba m'manja. Ine ndinadikira kuti m'manja muthe, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kudikira chinthu mpaka chipse.

"Kaphikidwa ako," ndinatero.

Chipinda chonse chinatembenuka.

"Khala pansi iwe," ananong'ona achemwali, akundikoka diresi. "Wapenga kodi?"

Adokotala anavula magalasi. "Mwana wanga, khadi ili lasainidwa ndi Woyesa, amenenso ndi bambo ako. Ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa. Mchombo wa fakitale sungasungunuke ndi kachitsulo aka. Ngati ndikunama, ndigwada pano ndipepese munthu aliyense payekhapayekha."

"Aloleni," anatero alamu akuseka. "Alamu anga akhala akufuna kugwada kalekale."

Bambo anaimirira. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

"Mwanawe, ndipatse kachitsuloko."

Ndikanapereka. Panali mapazi atatu okha pakati pa ine ndi dzanja limenelo. Koma ndinaona alamu akutsinzinira mnzawo, ndipo ndinapita ku tebulo.

Ndinakatembenuza kaambulansi, ndinayatsa kachitsulo, ndinakhudza mchombo woyamba. Sipanathe mpweya uwiri. Mchombowo unanyezimira, unafewa, n'kuyenderera ngati kandulo. Wachiwiri chimodzimodzi. Kautsi kopyapyala kanakwera. Ndinanyamula thupi la kaambulansi, chapansi n'kutsala pa nsalu. M'kati munali mabowo atsopano owala, ndipo mipando yofiira ija inali yosemedwa m'mbali ndi mpeni kuti ikwanire.

Munthu wina anati, "Mayo ine."

Ndinatembenukira kwa bambo ndi chisangalalo chimene ndimachita nacho nseru ndikachikumbukira.

"Ndinakuuzani, bambo. Ndinati chilichonse chobwera ndi awa mungasaine. Kalole kanga simunakagwire n'komwe. Nanga aka?"

Ankayang'ana bolodi.

6

Adokotala anamenya tebulo kuti phokoso lithe.

"Lamulo tikulidziwa. Wophika asakidwe. A Mlenje, munakatenga kuti?"

Alamu anali atatuwa. "Kwa mayi wa zidole, Adokotala. Ndikulumbira, ine sindinagwire chilichonse. Ine ngakhale babu kunyumba amasintha ndi akazi anga."

"Mayi ameneyo tonse timagula kwa iye, ndipo nambala yake ndili nayo. Atiuze amene anabweretsa."

Anatulutsa foni, anaimba, anaikweza mawu, n'kuiika pa nsalu yobiriwira pafupi ndi zidutswa za kaambulansi. Inayamba kuitana.

Apa ndiye ndiyenera kunena chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Kaambulansi kaja ndinaphika ndine. Ndinagula kaambulansi wamba ndi katakisi, ndinaboola michombo pabenchi panga, ndinasema mipando, ndinatseka, n'kuumba michombo yatsopano ndi kawaya kosungunula. Ndinawononga tigalimoto tisanu ndisanafike pa kooneka bwino. Kenako ndinapita kwa mayi wa zidole, amene ndimawakonzera foni, ndinawapatsa m'manja, n'kunena kuti, "Alamu anga akabwera Lachiwiri, aka kakhale pansi pa mulu. Ndi nthabwala chabe."

Ndinakonza zonse mwaluso, kupatula chinthu chimodzi. Sindinaganizepo za chimene chidzachitike mchombo ukasungunuka. Maganizo anga ankathera pa nkhope ya bambo. Lamulo loti wophika asakidwe ndinkalidziwa pamtima kuyambira ndili mwana, koma sindinaganize kuti lingasake ine.

Foni inaitana kachiwiri. Kachitatu.

"Halo?" anatero mayi wa zidole, phokoso la msika lili kumbuyo. "Halo, Adokotala?"

"Dulani foniyo," anatero bambo. "Musavutitse mayi wosalakwa. Ndine."

Adokotala anadula, pakamwa pali yasa.

"Ndine ndinaphika," anabwereza bambo, mawu ali phee ngati akuwerenga kalata. "Ndinakasiya kwa mayiyo kuti mkamwini wanga akapeze. Ndinafuna kuti akhale ndi dzina m'kalabu muno. Iye sankadziwa kanthu."

"Inu, a Woyesa?"

"Ndani wina muno amene amaudziwa mchombo mpaka kutha kuupanga?"

Palibe anatsutsa. Zinali zomveka kwambiri.

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira kuti ndinatsegula. Bambo anandiyang'ana, ndipo diso limenelo linali lija la ndili mwana, lotanthauza kuti ukangoyerekeza. Ndinatseka pakamwa. Ndingati ndinamvera bambo, koma zoona zake n'zakuti ndinachita mantha, ndipo diso lawo linangondipatsa pobisala.

Anapita okha kukhoma, anatenga nyundo. Anamenya katatu. Kampando kamodzi kofiira kanadumpha n'kugwera pafupi ndi nsapato yanga. Kenako anatenga choko, n'kulemba dzina lawo pansi pa maina awiri aja, ndi zilembo zokongola zija za ukalaliki.

Bambo wachikulire wovula chipewa uja ndiye anayamba. Anatulutsa khadi la kagalimoto kake, analiyang'ana, analing'amba pakati. Wina anatsatira, kenako wina. Makhadi a zaka makumi atatu, onse oona, anang'ambidwa chifukwa cha limodzi. Bambo anatsika masitepe phokoso la mapepala likuwatsatira.

7

Nditafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Amayi anali kukhitchini, chitseko chotseka. Bambo anali atakhala kutsogolo kwa kabati, jekete asanavule.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Munadziwa liti?"

"Chikhadabo chitangokhudza."

"Kuti n'kophika?"

"Kuti ndiwe. Makina a fakitale amazungulira kumanja. Mchombo uja unazungulira kumanzere. Ndikudziwa wamanzere mmodzi yekha wamanja otere, ndipo ndinamuphunzitsa ndine kugwira supuni. Nditanunkhiza ndinamva utomoni wa pabenchi pako."

"Ndiye bwanji simunanene Lachiwiri lomwelo kuti n'kophika?"

"Alamu ako akanathamangira kwa Adokotala kukadziyeretsa. Adokotala akanaimbira mayi wa zidole. Mayiyo akanatchula ndani?"

"Mukanandisiya! Ndinalakwa ndine. Ine kalabu sindinalimo n'kale, akanandichotsa mu chiyani?"

"Ukuganiza kuti nkhani ikanathera pamwamba pa shopu ya matayala? Anthu aja, akazi awo, ana awo, anzawo akuntchito, amakonzetsa mafoni kwa ndani? Ndani angasiye foni yake kwa mtsikana wodziwika kuti amatsegula chinthu, kusintha zam'kati, n'kutseka osaoneka? Pofika mwezi wamawa benchi yako ikanakhala pogona amphaka. Ine ntchito ndinapuma. Iwe uli ndi zaka makumi awiri ndi zinayi."

Ndinalira mpaka mamina. Iwo sanandigwire, bambo si munthu wogwira anthu. Anadikira.

"Ndipita ndikanene," ndinatero.

"Sukanena. Ukakanena ndiye kuti ndanama kawiri pachabe."

Anayang'ana m'kabati. Kenako anati, osanditembenukira:

"Ntchito inali yabwino. Ndikanayesa ndi maso okha, ukanandipusitsa."

Mawu amenewo ndinawafuna kwa zaka khumi. Anabwera tsiku limene sindikanatha kuwameza.

8

Patapita mwezi, Adokotala anabwera pabenchi panga. Anati kalabu ikufuna Woyesa watsopano, ndipo palibe woposa mtsikana amene anaona chimene amuna makumi atatu sanaone, n'kusankha choonadi kuposa magazi. Bambo anandilamula kuti ndivomere, chifukwa kukana kukanadzutsa mafunso. Ndinakhala pampando wawo, bolodi lili kumbuyo kwanga.

Achemwali anasiya kubwera kunyumba. Amati bambo anasandutsa amuna awo choseketsa. Ana awo, adzukulu a bambo, sabweranso Lamulungu. Anzawo a bambo akakumana nawo mumsewu amaoloka. Loweruka lililonse bambo amavala jekete mwachizolowezi, kenako amakumbukira, n'kukhala pansi.

Ndinapirira miyezi isanu. Wachisanu ndi chimodzi ndinaima pamsonkhano n'kunena zonse, kuyambira pa kalole mpaka pa foni.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako Adokotala anamwetulira mwachisoni.

"Ndiwe mwana wabwino. Aliyense angafune kuyeretsa bambo ake."

"Imbirani mayi wa zidole!" ndinatero.

Anaimba. Mayiyo anati, "Anabweretsa ndi madala aja, Adokotala. Mtsikanayo amangondikonzera foni." Pambuyo pake ndinamva kuti bambo anapita kumsika Lolemba lotsatira chionetsero, n'kukakhala pa benchi ya mayiyo mpaka anawalonjeza kuti sadzanditchula.

"Ndipatseni kagalimoto kalikonse," ndinakuwa, "ndiphike pompano muone!"

"Sitikukayika kuti ungathe," anatero Adokotala. "Ndiwe mwana wawo, unaonera. Koma bambo ako tawadziwa zaka makumi atatu. Anatilakwira kamodzi, inde. Koma munthu uja akaima n'kunena kuti ndine, ndiye kuti ndi iye."

Ndinapita kwa achemwali, nawonso anati ndisawaikire kumbuyo bambo. Ndinatula pansi udindo, anthu n'kumati ndi chisoni cha mwana. Dzina la bambo likadali pa bolodi, ndipo palibe chimene ndinganene choti chilifufute. Iwo atamva kuti ndinayesa, anakhala masiku atatu osandilankhula, lachinayi n'kundituma kukagula batire la wotchi ngati palibe chinachitika.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka anzanga amtima wapachala, amene mukaona zokhota simugona mpaka mutaziwongola, sindikuuzani kuti musiye kufuna chilungamo. Ine sindinasiye. Kalole kanga kankayenera kugwiridwa, ndipo m'kalabu ndinkayenera kulowa. Zimenezo ndidzanena mpaka kufa. Koma musanatchere munthu msampha kuti muone mtima wake, dzifunseni kuti akakodwa mudzamumasula bwanji, chifukwa ine ndayesa njira zonse ndipo wanga sukumasuka.

Ndinkafuna kuonetsa anthu onse kuti bambo anga amakondera. Amakonderadi, abale. Kungoti sindinafunse kuti akukondera ndani.